Zala Zitatu ndi Kabuku ka Atate

Lolemba, 30 Juni 2025

Masabata awiri chimwalirireni Atate. Ndabwerera ku ntchito. Kalata imodzi ya inshuwalansi ndaitayipa katatu. Chala cholozera, chapakati ndi chotsatira chake, dzanja lamanja: dzanzi lokhalokha. Ndikadina batani sindikudziwa ngati ndadina.

Ba Derrick, amene amatiphunzitsa kuponya mivi Loweruka lililonse kuseri kwa bwalo la mpira, anadutsa pa ofesi kudzapepesa. Anazigwira zalazo, kuzitembenuza. "Ni gulovu ija ya pa salaula, mayo. Ninakuuzani, ni yopyapyala maningi. Chingwe chadya mitsempha." Zoona anandiuza. Gulovu ya azimayi ya pa kaunjika, yachikopa chofewa, K20 basi. Ndinaidula chala chachikulu ndi chaching'ono n'kumadziona wochenjera.

Akuti ndisankhe. Gulovu yeniyeni ya zala zitatu, yachikopa chokhuthala, kapena tabu: kachikopa kathyathyathya kokoleka pa chala chapakati, kotchinga pakati pa zala ndi chingwe cha uta. Ku Kabushi, ku Ndola, kuli wosoka nsapato amene amasoka zonse ziwiri. Ndati ndiganize kaye.

Sindinawauze kuti zala zokokera uta ndi zomwezo zomvera mtima wa munthu pamkono.

Lachitatu, 2 Julayi

Ndilembe. Palibe wina woti ndimuuze.

Atate atatuluka m'chipatala mu Marichi, anesi anandiphunzitsa ine. Tsiku lililonse 18 hours, zala zitatu pamkono wawo, werengani kugunda kwa mtima mphindi imodzi, lembani m'kabuku. Ukapitirira 120, kapena ukamadumphadumpha, musadikire kuti kuche, bwerani nawo. Miyezi itatu sindinaphonye.

Loweruka 14 Juni ndinaponya mivi yoposa handiredi. Inkalowa bwino, sindinafune kusiya. Ndinafika kunyumba ku Mindolo zala zitafa. Atate pa mpando wawo, bulangeti pamiyendo. Ndinagwira mkono. Palibe. Ngati ndagwira mwendo wa tebulo. Ndinayang'ana wotchi mpaka mphindi inatha, milomo ikuyenda, bodza lokhalokha.

"Ukuthamanga eti, Jemimah?" Anafunsa choncho. Ine: "Ayi Atate, uli bwino." Ndinalemba 78.

Chifukwa chake n'chochititsa manyazi. Anali atanena kale kuti mkazi ndi uta n'zachibwana, tsiku limene ndidzavulale adzauthyola n'kuusonkhezera pa mbaula. Munthu wa zaka 31 kuopa kulandidwa choseweretsa. Dzanja lamanzere linali pomwepo, lamoyo, litagwira kabuku. Sindinaliganizire. Kapena ndinaliganizira. Sindikudziwanso.

M'mawa mwake tinawapeza atazizira.

Loweruka, 5 Julayi

Azakhali a Jenala, mlongo wawo wa Atate, sanabwerere ku Chipata. Akugona pa bedi langa, ine pansi. Kabuku kali m'chikwama chawo, m'kati mwa buku la nyimbo. Aliyense wobwera kudzapepesa amamuonetsa tsamba lomaliza. "Onani, 78, munthu wabwinobwino. Ndiye wadya phala la mkazi wa Jethro, kucha kulibe."

Alamu anga a Fridah, akazi a alongo anga a Jethro, ndi amene anaphika phala madzulo amenewo chifukwa Atate anakana nsima. Phala la soya. Lotsala mumphika ndinalimaliza ndine, ndipo ndinanena. Azakhali akuti mankhwala saika mumphika, amaika m'mbale. Akuti Fridah ndi Mbemba wa m'tauni, maso ali pa nyumbayi. A Jethro chete, kuyang'ana pansi. Kukhala chete kwa mwamuna ameneyu kumandinyansa kuyambira tili ana. Lero ndilibe pakamwa pomunenera.

Ndinapita ku bwalo kuthawa nyumba. Ba Derrick anandiletsa uta wanga, n'kundipatsa wofewa wa oyamba kumene, ndi gulovu yawo yokhuthala. Ndi yabwino gulovu, ndisaname. Chala chilichonse m'nyumba mwake, umazula mivi, umakanda mphuno, osavula. Koma nditakoka chingwe mpaka pakamwa, m'zala zakufazo munayamba kugunda. Mofulumira, kuima, kudumpha, mofulumiranso. Si mtima wanga. Wanga ndinkaumva pakhosi, ukuyenda pang'onopang'ono.

Ndinatsitsa uta osaponya. Ndinati mutu ukuwawa.

Lachiwiri, 8 Julayi

A Fridah achoka. Azakhali anayamba kukana chilichonse chimene iwo akhudza, ngakhale madzi a m'firiji. A Jethro anawaperekeza kokwerera minibasi, akuti akapumeko kwa amayi awo ku Kabushi mpaka akuluakulu akhale pansi. Chichi, mwana wawo wamkazi wa zaka zitatu, watsala kuno. Azakhali akuti malowolo tinapereka, mwana ndi wa kwa Jere.

Nkhani idzakambidwa pa 19. Atate aang'ono, a Abraham, adzachokera ku Chipata.

Chichi wakana kuti ndimusambitse. Wandiluma chala. Sindinamve. Ndangoona mano.

Lachinayi, 10 Julayi

Kawiri sabata ino. Ndafika, ndaika chikwama pansi, ndazindikira ndili chiimire pambali pa mpando wa Atate, zala zitatu zili m'malere pamene mkono unkakhala. Kuyang'ana wotchi, 18 hours ndendende.

Azakhali anandiona. Auza mayi wa nyumba yoyandikana nayo kuti mwa ana onse ine ndi amene ndinkawakonda Atate, kuti popanda ine akanapita kale mu Marichi. Azakhaliwo anandigulira chimanga chootcha. Ndinadya. Ndimadzida.

Loweruka, 12 Julayi

Lero tabu yobwereka. Ba Derrick akuti gulovu ikakalamba imakumbika mzere, chingwe chimakodwa mmenemo. "Tabu ni flati, chingwe chichoka chabe. Zala zikawawa, muikapo chikopa china pamwamba." Kachinthu konyansa, ngati lilime la nsapato. Kanandigwa kawiri. Pozula mivi uyenera kukatembenuzira kuseri kwa dzanja. Zala kunja, mphepo ya Julayi ikuzimenya.

Mivi sikisi, inayi m'thumba la nsanza limene timalasa, iwiri mu udzu. Kugunda kuja kunabweranso. Koma pa muvi wachisanu ndinamva china: chingwe. Pang'ono chabe, kuyabwa kunsonga kwa chala cholozera. Ndinachita mantha kuposa tsiku lija.

Ndinati ndikufuna gulovu, yokhuthala kwambiri imene munthu angasoke. Anandiyang'ana. "Imwe mufuna kuponya olo mufuna kubisala?" Ndinaseka. Mdala ameneyu amalankhula kwambiri.

Lachitatu, 16 Julayi

Ndinapempha theka la tsiku. Ku Ndola. Wosoka nsapato uja anajambula dzanja langa pa katoni n'kufunsa, gulovu kapena tabu. Ndinati ndibweranso, ndikaone munthu kaye.

A Fridah kuseri kwa nyumba ya amayi awo, akusankha nyemba. Achepa. Chitenje chikuwazungulira kawiri. Funso loyamba, ngati Chichi akuvala juzi m'mawa. Kenako: "Ba mulamu, imwe munagwira mkono, munaona kuti benze bwino. Manje ine ninalakwisa chani? Kapena shuga ninaika maningi?"

Sakudzitchinjiriza n'komwe. Akudzifufuza okha. Masabata anayi munthu akuwerenga masupuni a shuga m'mutu.

Ndinatsegula pakamwa. Ndinati Chichi akuvala juzi.

Kwa wosoka sindinabwerere. Mu basi, pa msewu wa ku Kitwe, ndinagwira mkono wanga ndi dzanja lamanzere. Sekondi imodzi ndinaupeza mtima. Imodzi yokha.

Lachisanu, 18 Julayi

A Abraham afika, ndi thumba la mtedza ndi jekete lakuda la pa maliro.

Ndatumiza uthenga kwa Ba Derrick kuti auze wosoka: tabu. Zokwirira zala zandikwana. Zikuyabwa tsiku lonse, zikutentha, kapu ya tiyi ndayamba kuimva. Ba Derrick ayankha kuti ndi chizindikiro chabwino, mitsempha ikudzuka, ndithokoze Mulungu.

Mawa ndinena. Ndayeseza katatu ku bafa, madzi akutuluka. Sindinamve kanthu, nambala ndinangoipeka. Mawu anayi okha. Mwezi wathunthu andikanika.

Loweruka, 19 Julayi

Ndanena.

Pabalaza. A Abraham pa mpando wa Atate, a Jethro pafupi ndi khomo, a Fridah ndi amayi awo pamkeka. Pemphero litatha ndinagwada n'kunena zonse. Mivi, gulovu, dzanzi, wotchi, funso la Atate. Mawu sananjenjemere. Ndinkadikira mbama. Ndinkaifuna.

Kenako a Abraham: "Mwana uyu ali ndi mtima wa atate ake. Akufuna kusenza mlandu wa mlamu wake." Ndinalumbira. Ndinati itanani Ba Derrick, anaziona zala zanga. Akuti munthu wa mivi alowa bwanji m'nkhani ya banja.

Azakhali anaimirira, n'kumasula pini pa chitenje chawo. "Bweretsa zala zakufazo." Ndinapereka dzanja ndi mtima wonse, nditaiwala za dzulo. Ndinkayang'ana a Fridah. Anali atadzutsa mutu, koyamba chilowereni m'nyumba.

Pini inalowa pa chala chapakati. Ululu mpaka m'chigongono. Dzanja linathawa lokha, ndinakuwa.

"Mwaona," anatero Azakhali, akubwezera pini pamalo pake.

Ndinati zachira sabata ino yomwe, mwezi watha zinali zakufa. A Abraham anatsegula kabuku n'kuwerenga mokweza. 78. Inki yanga, kalembedwe kanga. Akuti cholembedwa munthu ali moyo sichingafafanizidwe ndi misozi ya lero. Ukwati watha. Mwana atsala. A Jethro anangogwedeza mutu kuvomera.

Magazi kadontho kamodzi. Chala chikuwawabe.

Lamulungu, 20 Julayi

Ku tchalitchi sindinapite. Amayi a Fridah abwera ndi kagalimoto kudzatenga katundu. Mapoto, mashini osokera, matiresi. Azakhali akhala pakhonde kuyang'anira kuti pasatuluke supuni ya kwa Jere. Chichi amutsekera m'chipinda changa kuti asaone amayi ake, kiyi apatsa ine. Akuti m'nyumba muno wokhulupirika ndine.

A Fridah anandipeza pa mpopi. Sanakalipe. Anafunsa motsitsa mawu: "Ba mulamu, vija munakamba mailo ni vazoona, olo mwenze kunithandiza chabe?" Ndinati zimene ndinanena dzulo n'zoona. "Mwezi onse," anatero. "Mwezi onse mwenze kuniona chabe." Anapukuta manja pa chitenje n'kupita ku galimoto. Sanatsanzike.

Ndikulemba nditakhala pansi m'kanjira, msana pa chitseko cha chipinda changa. Mkati Chichi wasiya kumenya chitseko, akungoitana amayi ake. Panja akumangabe matiresi, chingwe chawachepera, apita kukabwereka china. Khomo lakuseri silioneka ukakhala pakhonde.

Kiyi ili m'dzanja lamanja. Ndikuimva dzino lililonse. Ndikatsegula n'kumupereka kwa amayi ake kudzera khomo lakuserilo, m'nyumba muno mulibenso malo anga, ndikudziwa. Chingwe chija afika nacho.