Nambala Puleti ya Apongozi

Lolemba, 3 Malichi
Kalata yochokera ku ofesi ya za magalimoto. Wandiwerengera ndi mkazi wanga Shawna, mawu a m'kalatamo ataliatali mwadala. Akuti nambala puleti ya bambo ake, a Orville, ndi yachipongwe. Tiibweze pasanathe masiku makumi atatu, apo ayi galimoto isapondenso msewu. Galimoto pakhomo pano ndi imodzi yomweyo. Mwana wathu Kinsley ndi mphumu yake, chipatala mamailosi makumi anayi.

Lachinayi, 6 Malichi
Malemba asanu ndi awiri basi, otanthauza kuti ambanda. Amanena a zamisewu, chifukwa cha mlatho wopanda zitsulo zam'mbali pomwe mlamu wanga Travis anagwera mumtsinje. Zaka zinayi akuyenda nayo, anaidinda ndi ofesi yomweyo. Wina wadandaula, ndiye adzidzimuka. Anthu akuluakulu kulipidwa kuti azinunkhiza malemba.

Lamulungu, 16 Malichi
Apongozi apeza loya. Tayi yofiira, mano oyera, njala ya kamera. Mlandu akuti zaka ziwiri. Patebulo apongozi anati, "Mkamwini, ukangowapatsa pakamwa pako, mawa abwera kudzatenga china." Ufulu wolankhula uli ndi matayala? Travis anapita, puleti simudzutsa.

Lachitatu, 26 Malichi
Kinsley wabanika masana, milomo kuda. Tathamanga naye. Wapolisi anatitsata mpaka pamphambano, ine thukuta kamukamu. Ikanakhala sabata yamawa akanatiimitsa. Apongozi ali kalikiliki kupukuta puleti yawo ndi kansalu. Zamanyazi.

Lachiwiri, 1 Epulo
Puleti ija ndaimasula m'mawa. Mabawuti adzimbiri, chala chatemeka. Apongozi ali pakhonde ndi khofi, sanandiletse. Anangoti, "Usaikande."
Ku ofesi mzere maola awiri. Mayi wa pawindo akutafuna chingamu, waiponya m'bokosi osaiwerenga n'komwe. Yatsopano ndi manambala wamba. Apongozi sanadye.

Lachitatu, 2 Epulo
Kukatenga mankhwala, Kinsley ali pampando wake kumbuyo. Msewu waukulu atseka, ndadzera pamlatho uja, koyamba ndi mwana. Zitsulo kulibe mpaka lero. Timigolo tiwiri tapulasitiki, kena katagwa. Pansi madzi akuthamanga. Nditawoloka ndinaima pambali n'kucheukira Kinsley.
Kunyumba ndang'amba katoni ya matewera. Katoni safunsira chilolezo. Shawna wandiuza malemba asanu ndi awiri aja, ine kulemba ndi utoto. Ndamata ndi tepi pagalasi lakumbuyo la galimoto, chokhota.
Apongozi atuluka ndi tepi ina.