Mpando wa Bambo ku Msika wa Masheya

Alexandria, Okutobala 2008

Wokondedwa mlongo wanga Hossam,

Mtendere wa Mulungu ukhale nawe. Ndikhulupirira uli bwino pamodzi ndi mlamu wanga Dalia ndi ana kuchisanu kwanuko. Ife kuno tili bwino, kupatula bondo la Bambo lomwe limalosera mvula kuposa a pa wailesi. Mvula yoyamba yagwa kale, ndipo denga la kukhitchini likudontha pomwe paja Amayi ankatcherapo beseni.

Zomwe udanena pafoni ndazimva. Ukuti Lamlungu, tsiku loyamba la ntchito kuno, msika ukangotsegulidwa uuza a kukampani ya masheya ija kuti agulitse masheya onse a Bambo, zotsalazo zipulumuke. Mphamvu uli nazo, poti mapepala adasainira iwe. Koma usanatero, khala pansi umve mchemwali wako, amene ndinkakupukuta mamina.

Kugwa kokha zinthu zagwadi, sindikukana. Ukukumbukira chipinda chija cha pansi pa kampaniyo, momwe okalamba amakhala tsiku lonse maso ali pa kanema? Mitengo ikakwera manambala amabiriwira, ikatsika amafiira. Mwezi uno ndi kufiira kokhakokha. Masiku ano ndimawaperekeza Bambo chifukwa cha bondolo, ndiye ndikuona ndekha momwe anthu akuchitira.

A Girgis, okonza mawotchi aja, akugulabe ena. Akuti tomato akatsika mtengo mumathamangira ndi madengu, nanga masheya mukuthawiranji? A Fikri, ometa aja, omwe adakudula khutu tsiku lija unkagwedezagwedeza mutu, adawayankha kuti tomatoyo munthu amathira mu ndiwo, nanga timapepala takoto udzawakazingira adzukulu?

Mayi Insaf, aphunzitsi athu akale, adangotembenuza mpando n'kufulatira kanemayo. Amaluka juzi, akuti chomwe diso silidaone mtima sudandaula. Koma sipatha nthawi, umva akufunsa wapafupi kuti kodi yatsikanso? Akawayankha amakalipa kuti ndani wakufunsa.

Mantha adayamba kugwira a Fikri. Adagulitsa zonse tsiku limodzi, n'kutuluka osatsanzika. Koma m'mawa mwake miyendo idangowabweretsa monga mwa masiku onse, jekete atavala, ndevu atameta. Mlonda adawaimitsa pakhomo, akuti chipindachi n'cha okhawo ali ndi masheya, lamulo si lake. Hossam, munthu wa imvi uja adaima panja m'mvula, manja atatsamira pagalasi, akusuzumira anzake. Ndidalira, sindikubisa.

Chipinda chija chili ndi mwambo wake: amene wapindula amagulira anzake basbusa, keke ija ya uchi. Milungu yathayi palibe adalawako. Ndiye tsiku lomwe zidagwa koposa, tili m'njira, Bambo adati titsike sitima pa sitolo ya makeke ija ya pafupi ndi doko.

Ukuikumbukira? Tsiku la malipiro Bambo ankabwera kuchokera kudoko atanyamula bokosi la basbusa lomanga ndi kaulusi, ife tikuwadikira pamasitepe. Tinkakanganirana chibenthu cha mtedza pakati mpaka Amayi atavula patapata. Mwini wake adamwalira, akugulitsa ndi mwana wake, koma fungo la uchi ndi lomwe lija. Nditalowa ndidangoona ngati Amayi ali kunyumba akutidikira.

Bambo adagula thireyi yathunthu. Atalowa nayo m'chipindamo anthu adadabwa, a Girgis n'kufunsa Bambo kuti Ramzi, wapenga kapena wapeza mgodi osatiuza? Bambo adati tsiku lobiriwira m'kamwa mumakoma kale, basbusa ngwa tsiku lofiira, idyani anthu osauka inu.

Kenako adatuluka panja, pomwe a Fikri adali ataimanso pagalasi paja, n'kuwakoka pamkono mpaka ku ofesi. Adawagulira sheya imodzi yokha, ya kakampani kena kotchipa, mtengo wake wosafika ndi kapu ya tiyi. Mlonda adangowatsegulira chitseko. A Fikri akulowa, a Girgis adakuwa kuti imirirani nonse, walowa mwini fakitale! Anthu adaseka mpaka Mayi Insaf adaiwala n'kutembenuza mpando. Kanema anali wofiirabe, koma palibe adamuyang'ana.

Pali zomwe iwe sudazione, ndipo sindikukunena. Amayi atamwalira udakhala nafe masiku makumi anayi a maliro n'kubwerera kuntchito. Ine ndidatsala ndi munthu wosameta, wosavula zogonera, wokhala pakhonde kuyang'ana nyanja osalankhula ndi aliyense. Chakudya ndinkachotsa momwe ndachiikira. Ndinkaopa kuti chaka sichitha ndisanaikenso wina.

Amene adawachotsa pakhondepo ndi a Fikri omwewa. Adabwera ndi lumo lawo, adawameta mokakamiza, n'kuwatengera kuchipinda chija, akuti tiyeni mukaone ndalama zanu zikuvina. Madzulo ake Bambo adabwera akukalipa kuti Girgis sadziwa kanthu, ndipo adafunsa kuti kodi kuli chakudya? Kuyambira pamenepo m'mawa uliwonse amafuna jekete yosita.

Mwina ukunena zoona kuti zitsikabe. Iwe ndiwe udaphunzira za ndalama, ine ndimangodziwa mtengo wa buledi. Koma ukagulitsa zonse, Lolemba mlonda uja adzawaimitsa Bambo pakhomo, ndipo ulendo uno palibe Fikri wina amene adzawachotse pakhonde. Ukuganiza kuti angalole mnzawo awagulire sheya? Ukuwadziwa bambo ako.

Ndinkayesa sakudziwa za foni yako, koma makoma a nyumba ino ukuwadziwa kupyapyala kwake. Dzulo ndikusita, adabwera n'kuima pakhomo la kukhitchini, akuseweretsa mikanda yawo yopempherera. Adati ukamulembera Hossam umuuze kuti sakulakwa, ndi mwana wabwino, akuopera ife. Adati ngati mtima wake ukuti agulitse, agulitse.

Kenako adanena motsitsa mawu kuti, koma umupemphe andisiyireko imodzi.

Adanena akuyang'ana pansi, ngati mwana wopempha ndalama ya sitima. Munthu amene ankatinyamula tonse awiri paphewa kupita kunyanja, Hossam! Ndidangowerama n'kumasitabe mkono womwewo mpaka adachoka.

Ndiye pempho langa ndi limenelo. Kukadakhala kufuna kwanga, usagulitse chilichonse, tidikire monga akudikirira a Girgis. Koma ngati mantha akukulira, gulitsa, ndalama uike komwe ukudziwa. Imodziyo yokha usaikhudze. Ndipo uwaimbire iwe mwini, uwafunse kuti msika uli bwanji, uwasiye akuphunzitse ngakhale akunama.

Undiperekere moni kwa Dalia, umuuze kuti mankhwala a bondo adafika. Ana uwapsompsone, ndipo uziwalankhula chinenero chathu asadzabwere kuno ngati alendo. Azakhali a Nagat akupereka moni, a Fikri akuti khutu lija adakali nalo chisoni. Mulungu akusunge, akutalikitsire masiku.

Jekete ya Lamlungu ndasita kale, ndaikoleka pachitseko.

Ndine mchemwali wako,
Sawsan