Kamphika Kamene Ababa Anakwera Nako Phiri

Lisbon,
15 Juni, 2019.

Okondedwa achimwene a Horácio,

Ndikhulupirira kuti muli bwino kumeneko ku Jeneva pamodzi ndi alamu anga a Odete ndi ana. Ine kuno ndili gwa, kupatula miyendo imene ikundiwawabe chiyambire Lachitatu.

Ndaona kuti mwakhala mukuimba foni. Sinawonongeke ayi, ndikungoiyang'ana dala, chifukwa ndimakudziwani: pafoni simulola munthu kumaliza mawu. Pakalata mulibe pondidulira pakamwa. Choncho khalani pansi, muvale magalasi anu aja, muwerenge mpaka kumapeto musanayambe kukalipa.

Ndiyambe ndi chimene chikupsetseni mtima kuti tithane nacho. Kunyumba ya okalamba kuja munawapezera malo Ababa sitinapiteko. Mayi oyang'anira nyumbayo anatidikira masana onse a Lachitatu, ndipo ndawapepesa kale. Malowo apatsa munthu wina. Ababa abwerera kumudzi, kunyumba kwawo, ndipo amene ndinawakweza basi ndine.

Zimene munene ndikuzidziwa. Munena kuti chidwalire sitiroko ija dzanja lawo lamanja siligwira kanthu, ndi kuti masitepe otsetsereka a nyumba yathu adzawapha tsiku lina. Inenso ndinkavomereza zimenezo. Simunachite mwankhanza, achimwene, munachita ndi mantha, ndipo mantha omwewo anali kundisowetsa mtendere inenso. Koma imvani kaye zimene ndaona ndi maso angawa.

Ababa anafika ndi basi ya m'mawa yochokera ku Guarda, atavala suti yawo yakuda ija ndi chipewa, ndodo ili kudzanja lamanzere. Sanabwere okha. Kumbuyo kwawo kunatsika Mayi Piedade, oyandikana nawo nyumba aja, amasiye a malemu a Firmino osula zitsulo. Anati abwera kudzanyamula chikwama cha mankhwala. Ine, kupusa kwanga, sindinadzifunse kuti chikwama cha mankhwala chimafuniranji diresi ya kutchalitchi ndi ndolo zagolide.

Ndisanamalize kuwapatsa moni, Ababa anati, "Graciete, kundende kwanuko tipita masana. M'mawa uno undionetse Lisbon."

Ndikanakana bwanji? Mukudziwa kuti mzinda uno anauona kamodzi kokha, ali mnyamata, pamene ankawatengera kudoko palole ya asilikali kuti akakwere sitima ya kunkhondo ku Afirika. Iwo amati chimene anaona tsiku limenelo ndi nkhongo ya msilikali amene anakhala patsogolo pawo. Ndiye ndinati chabwino, tiyende pang'ono, tidye, kenako tizipita kumene akutidikira.

Tinakwera kasitima kachikasu ka mumsewu. Linali tsiku loti mawa lake ndi chikondwerero cha Antonio Woyera, ndiye mungaganize nokha: mapepala amitundumitundu atakoleka m'misewu yonse, utsi wa nsomba zowotcha paliponse, alendo a m'mayiko ena atadzaza mpaka pakhomo. Mtsikana wina wamtali anawapatsa mpando Ababa. Iwo anavula chipewa kumuthokoza, kenako atayang'ana kabudula amene anavala, anandifunsa mokweza ngati kwawoko nsalu inatha. Mwayi wake mtsikanayo sanamve chinenero chathu, anangomwetulira, koma woyendetsa kasitimako anaseka mpaka kutsokomola.

Pabwalo lalikulu la m'mphepete mwa mtsinje wa Tejo tinaima nthawi ndithu. Mayi Piedade anali asanaonepo madzi aakulu chotere, ndipo anafunsa ngati imeneyi ndiyo nyanja. Ababa anatukumula chifuwa n'kuwauza kuti nyanja yeniyeni ili kutsogolo, ndipo iwo anaiwoloka kupita ndi kubwera. Sindinafune kuwachititsa manyazi powakumbutsa zimene Amayi ankatiuza, zoti ulendo wonsewo anauyenda atagwira ndowa yosanziramo. Ndinangoona kuti munthu amene kumudzi amati sakuyankhulanso, lero pakamwa sipakutseka.

Pafupi ndi tchalitchi cha Antonio Woyera panali amayi ogulitsa timiphika ta manjeriko, kachitsamba konunkhira kaja, kalikonse ndi duwa lake lapepala. Mwina chisanu cha ku Jeneva chakuiwalitsani, ndiye ndikukumbutseni: kamphika kameneka mwamuna amapatsa mkazi amene akumufuna, ndipo timasamba take sanunkhiza ndi mphuno, kangafote. Umasisita ndi dzanja, n'kununkhiza dzanjalo. Ababa anaima pamenepo, anayang'anitsitsa timiphika tonse ngati akusankha mbuzi pamsika, n'kuloza kobiriwira kuposa tonse.

Mtima wanga unawawa, achimwene. Mukukumbukira kuti mwezi wa Juni ukafika Ababa ankauza Amayi kuti chaka chamawa adzapita nawo ku Lisbon kukawagulira manjeriko, ndipo Amayi ankangoseka akusenda mbatata? Ndinadziwiratu kuti kamphikako ndi kopita pamanda. Ndinatambasula manja kuti ndiwanyamulire, koma anakana kwamtuwagalu. Popeza ndodo inali kumanzere, kamphikako anakakumbatira pachifuwa ndi dzanja lamanja lija. Ndinkayenda pambali pawo manja ali chire, kudikira kuti kagwe.

Masana tinadya nsomba za sadini pabuledi pa kabenchi ka m'mbali mwa msewu, iwo ndi kakapu kamodzi ka vinyo kamene adokotala sanamve. Kamphika kali pamiyendo. Nditaona kuti nthawi yakwana, ndinati tiyeni tikwere takisi. Ababa anakweza mutu. Maso awo anali kumtunda, kumene makoma a linga lakale lija la paphiri amaonekera pamwamba pa madenga. Anafunsa kuti anthu amafikako bwanji, ndipo ndinawauza kuti pali kabasi kamene kamakafika pafupi ndi chipata.

"Horácio akuti sindingakwere masitepe a nyumba yanga," anatero. "Tipangane. Ndikwera phirili ndi miyendo yangayi, kamphika aka kali m'manja. Ndikalephera, kapena kakasweka, unditengere kundendeko, sindidzatsegulanso pakamwa. Ndikafika pamwamba, mawa ndikubwerera kwathu."

Ndinayang'ana Mayi Piedade kuti andithandize kuwaletsa, koma iwo anali kalikiliki kupukuta zala ndi kansalu ngati sakumva. Tsono ndinavomera, ndipo ndinavomera m'malo mwa inunso. Kunena zoona, ndinkaganiza kuti atopa tisanafike patali, n'kupita okha mwakufuna kwawo popanda wowakoka.

Inu mumadziwa tinjira ta kumeneko, topanikizana, masitepe pamwamba pa masitepe, zovala zitayanikidwa pamwamba pa mitu ya anthu. Ababa ankaponya ndodo, kenako mwendo wabwino, kenako n'kukoka winawo. Sankayang'ana kumbali. Bambo wina wonenepa amene ankawotcha nsomba pakhomo pake anakuwa kuti, "Agogo, chibwenzicho chikudikira kumtunda? Fulumirani, anyamata angakulandeni!" Ababa osatembenuka n'komwe anamuuza kuti asamale nsomba zake zikupserera. Zinalidi zikupserera, ndipo amayi amene anakhala m'makomo anamuseka kwambiri bamboyo. Kuyambira pamenepo ena anayamba kutitsatira pang'onopang'ono kuti aone mathero ake.

Pali chimene ndimafuna kukubisirani, koma ndikuuzani. Titadutsa theka, Ababa anaima mwadzidzidzi n'kutsamira khoma. Nkhope inayera, thukuta lili kamukamu, mpweya ukutuluka movuta. Kamphika kanayamba kutsetsereka pa jekete. Ndinathamanga kuti ndikagwire, koma anandiyang'ana ndi diso lija ankatiyang'ana nalo tikaba mphesa, n'kunena chapansipansi kuti ndisakhudze. Ndinaima ngati chitsiru, misozi ikutsika, ndikudziuza kuti ndapha bambo anga pamsewu chifukwa cha masewera, ndipo ndidzakuuzani chiyani inu. Sindinachitepo mantha otere chibadwire.

Mayi Piedade sanawagwire, sanawachonderere. Anangokwera masitepe angapo, n'kuima patsogolo pawo manja ali m'chiuno.

"A Amadeu," anatero, "nkhuku zanu zija ine ndatopa nazo. Mukakhala kuno ndizipha zonse, kuyambira tambala wanu wamwano uja. Kwerani tizipita kwathu."

Mayi wina anatulutsa kapu ya madzi m'nyumba mwake n'kuwamwetsa. Anatulutsanso mpando, koma mpandowo Ababa anaukana. Ndinaona chala chawo chachikulu cha kumanja chikukanikiza mlomo wa kamphika mpaka chikhadabo kuyera. Dzanja lija, achimwene, limene silinagwire ngakhale supuni chaka chonse. Anakweza kamphikako pachifuwa, anaponya ndodo, tinapitirira.

Anafika. Ndikulembanso kuti muwerenge bwino: Ababa anafika pamwamba ndi miyendo yawo, popanda wowagwira, kamphika kali kamphumphu. Anthu amene ankatitsatira aja anaomba m'manja pachipata, ndipo iwo anangogwedeza mutu ngati munthu amene amakwera phirilo tsiku ndi tsiku pokagula buledi. Amene anakhala pansi n'kuvula nsapato ndine.

Tinakaima pakhoma pamene mzinda wonse umaonekera, madenga ofiira mpaka kumtsinje, mlatho uli apo, sitima zikuyenda pamadzi. Ndakhala mumzinda uno zaka zonsezi, koma ndinali ndisanauone kukongola ngati tsiku limenelo. Ababa anavula chipewa. Ndinawagwira paphewa n'kuwauza kuti Amayi akanasangalala kwambiri ndi kamphika kawo.

"Amayi ako ndinawalonjeza chaka ndi chaka, ndipo ndinachedwa nawo," anatero. "Chimenecho chidzandiwawa mpaka kufa. Koma sindichedwa kawiri."

Anatembenukira kwa Mayi Piedade, natambasula dzanja lamanja, kamphika kali m'dzanjamo.

"Mayi Piedade, ndine nkhalamba, dzanja limodzi ndi laulesi, ndiponso ndimaliza mkonono. Koma phiri ndakwera. Mundilola?"

Mayi aja, amene kumudzi konse palibe amene anawaposapo pakamwa, anangotambasula manja onse awiri. Analandira kamphikako, ndipo m'kusokonezeka kwawo anayamba kukakwezera kumphuno. Ababa anakuwa kuti, "Ayi, mayi, mukapha!" Anawagwira dzanja ndi dzanja lomwe lija, n'kulisisititsa pamwamba pa timasamba pang'onopang'ono. Mayi Piedade anaika chikhatho chawo kumphuno nthawi yaitali, maso ali otseka, ndolo zikugwedera.

"Mkononowo ndimaumva kale ndili kwathu," anatero. "Bola ndiziumvera pafupi, ndizikugwedezani. Ndalola."

Ndinaseka ndi kulira nthawi imodzi. Koma ndisakunamizeni, mkati mwa chimwemwecho munali kansanje. Ndinachita nsanje m'malo mwa Amayi, amene anadikira kamphika moyo wawo wonse osakalandira. Ndikudziwa kuti inunso pofika pano mwaika kalatayi pansi n'kuyamba kuyendayenda m'nyumba. Itoleni, sindinamalize.

Potsika ndinalimbikira kuti tikwere kabasi, ndipo Ababa sanatsutse, poti mpikisano unali utatha. Titafika kwa amayi ogulitsa aja, Mayi Piedade anatiimitsa, nasankha kamphika kena okha. Anati aka ndi ka Albertina, ndiye Amayi athu, akakaika pamanda onse awiri, ndipo wothirira adzakhala iwo, chifukwa Albertina anali mnzawo wa pamtima kuyambira ali atsikana, asanawadziwe n'komwe a Amadeu. Kansanje kanga kanathera pomwepo. Mawa lake ndinawakweza basi, aliyense kamphika kake pamiyendo, akukangana za amene akhale kuwindo.

Tsopano zopempha zanga. Mukawaimbira foni Ababa, musawakalipire. Ngati mkwiyo ulipo, ubwere kwa ine, ndine ndinavomera panganolo. Chachiwiri, masitepe aja akadali otsetsereka, zimenezo sindikutsutsa. Inu amene mumamangira anthu a ku Jeneva nyumba zokongola, bwerani ndi zida zanu mudzaike chogwirira kuyambira pansi mpaka pamwamba. Ababa sangapemphe, koma mukaika adzagwira.

Ukwati ndi mwezi wa Seputembala, akamaliza kuthyola mphesa. Ababa akuti akufuna inu mudzaime pambali pawo m'tchalitchi. Ananena zimenezi akuyang'ana kwina, monga amachitira akafuna chinthu ndi mtima wonse. Anawonjezeranso kuti mubwere ndi nsapato zolimba, chifukwa sakudziwa ngati miyendo ya ku Jeneva ingathe masitepe a nyumba yawo.

Mundiperekere moni kwa alamu anga a Odete, muwauze ayambe kusoketsa diresi. Ana muwapsompsone, muwauze kuti agogo awo anagonjetsa linga la Lisbon ndi ndodo imodzi. Mayi Piedade akupereka moni mwaulemu, ndipo akuti akuopa kwambiri zimene munene, ngakhale sangavomere pagulu.

Mukagwedeza envulopuyi mugwa kanthambi kakang'ono. Anathyola Ababa pa kamphika ka Amayi tili kodikirira basi, ndi dzanja lamanja, n'kunena kuti nditumize kwa mwana wawo woyamba. Musakaike kumphuno, achimwene. Kafikiseni m'dzanja, mununkhize dzanjalo, kenako muimbe foni. Ulendo uno ndiyankha.

Ndine mlongo wanu wokukondani,
Graciete.