Miyendo ya Yamikani ikukana

Loweruka madzulo. Tsiku loipa, mutu ukungondiwawa.

Lero pabwalo la Kamwendo panabwera bambo wina wa timu ya ku Lilongwe kudzaona Yamikani, goloboyi amene ndamuphunzitsa kuyambira ali ku pulayimale. Chimumenyereni bondo kumaso mwezi watha, mwanayu sakutulukanso pagolo. Anyamata a ku Mkanda, omwe timasewera nawo lero, anazindikira msanga, n'kumangomuthamangira. Zigoli zitatu zinalowa iye ataima pamzere, chachitatucho atatsinzina.

Mlendoyo anandikokera pambali. "Aphunzitsi, msinkhu ali nawo, manja ali nawo, koma wamantha sitingamutenge." Anakwera minibasi mpira usanathe.

Yamikani ndinamupeza kuseri kwa golo akuvula magolovesi ndi mano.

"Kochi, ndimafuna kutuluka," anatero, "koma ndikaona munthu akubwera, miyendo ikumakana."

Amayi ake akuti malume ake akumufuna kumunda wa fodya ku Zambia. Amayiwo ndawapempha andipatse mwezi umodzi wokha. Angondiyang'ana n'kunena kuti, "Mukufuna amuswenso nkhope, aphunzitsi?"

Nanenso masiku ano mpira ukamapita kugolo kwake ndikumayang'ana kumbali. Ndiye mawa ndikamulimbitsa mtima bwanji ine...