Matayala a Snow ku Rongai

LACHITATU

Lorna 07:12
achimwene ndili mu matatu, ma minibus a kuno aja. galimoto ndili nayo koma ndili mu matatu. adad abisa makiyi

Percy 07:14
abisa?? chifukwa chani

Lorna 07:15
matayala. dzulo nditafika anatuluka ndi ndodo yawo, nkukakhala pa ndowa pafupi ndi tayala lakutsogolo ola lathunthu. mmawa uno makiyi palibe. akuti mwana wawo sayenda pa chingamu

Percy 07:17
kkkk chingamu chake chiti. matayala amenewo ndinawaona ndekha ku yard tisanagule. mano ake chala chimalowa chonse. galimoto yangochoka kumene ku Japan iyo

Lorna 07:18
ndawauza. and loweruka ndi visiting day kwa Modesta ku Athi River. mwana wauza kale class yonse kuti amama abwera pa galimoto yawoyawo

Percy 07:22
ndiyankhula nawo. koma sis tinene chilungamo, chiyambire sitiroko ija mutu wa adad sukugwira ngati kale. za matayala anasiya 1989, nthawi ya machubu. munthu akukanika kumanga batani la shati ndie aziweruza matayala a ku Japan? azipuma, nzimene tinawabweretsera kuno

Lorna 07:23
achimwene

Lorna 07:23
mwalemba mu group

Percy 07:24
eish. ndifufute

Lorna 07:24
aona kale

Adad 07:41
🎤 0:58
Percy, usavutike nkufufuta, ndawerenga. Batani likundikanika, nzoona. Dzanja lamanjali lagona. Koma chala chachikulu chakumanzere sichinadwale ayi. Kuyambira 1974 mpaka 89 ndinali pa galaja ku Limbe, matayala ndimadya nawo. Tayala la msewu wathu ukalidinda ndi chikhadabo limakana. Ili likulola ngati mbatata yophika. Lili ndi timizere ting'onoting'ono ngati mphini, sindinaonepo zotere. Lamulungu titachoka kutchalitchi ndinaligwira, labala kumanyenyekera m'manja. Sindikudziwa kuti ndi la chiyani. Ndikungodziwa kuti si la kuno. Lorna, makiyi ali mu jekete langa lakuda, utenge. Ine ndapuma.

Percy 07:44
adad pepani, sindimatanthauza choncho

Percy 08:30
adad

Lorna 12:36
adad mwadya?

Lorna 14:50
a physio andiimbira, akuti simunapite. taxi mwaibweza pa gate. adad chonde, dzanjalo silidzuka lokha

Adad 17:05
🎤 0:09
Mundigulire tikiti ya ku Chileka. Ngati nkupuma, ndikapumire kwathu.

LACHINAYI

Lorna 06:48
📷
ndatsuka matope mbali mwa tayala. taonani. kachithunzi ka phiri, mkati mwake kanyenyezi. pansi alemba STUDLESS

Percy 06:55
design chabe imeneyo

Lorna 09:20
design eti. ndawaonetsa a Margaret a ku office, amene anakhalako ku Geneva. angoona nkugwira pakamwa. WINTER TYRES achimwene. kanyenyeziko ndi snow. labala yake ndi yofewa dala kuti izigwira pa ice. pa tala wotentha imafewerathu, mabuleki amachedwa kugwira, tayala limatha ngati sopo

Lorna 09:21
ndipo akuti magalimoto ambiri ochoka ku Japan amabwera nawo, ogula amangosangalala ndi mano

Percy 09:40
ndaona pa google

Percy 09:41
koma manowo ndi atsopano ndithu

Lorna 09:43
munthu sanaonepo snow chibadwire. chingerezi chake cha standard 5. diso limodzi la ng'ala. waligwira tayala ndi chala CHIMODZI, chakumanzere. inu ndi masters yanu ndi maso awiri munaligwira ndi chani?

Lorna 09:44
ndauza office yonse. ndi a security omwe ndawauza. amenewo ndi bambo anga

Lorna 09:50
adad mwamva? munalondola. mawa ndapempha half day, tipitire limodzi mukandisankhire ena

Lorna 13:15
adad?

Lorna 18:02
ndili pa jam ku Langata. ndikafika tikambirane. sutikesi ija muibweze pamwamba pa wardrobe pliz, ndinaiona mmawa

LACHISANU

Lorna 08:31
adad basi ndapita ndekha poti mwakana. ndili kwa fundi, mmisiri wa matayala, ku Magadi Road. akuti size yanga 175/65 R14 atsala awiri okha. akuti aike awiriwo mbali yakumanja, kumanzere aike akuluko pang'ono. akuti sawa tu, palibe vuto. ndivomere?

Adad 08:33
🎤 0:31
Iwe! Usavomere! Ndani ameneyo? Amaika nsapato ziwiri zosiyana kumapazi kwake iyeyo? Galimoto izikokera mbali ngati ngolo! Umuuze asakhudze bawuti ngakhale limodzi. Wamva? Tsika, imirira patsogolo pa galimotoyo. Ndikubwera. Ndodo yanga ili kuti... Lorna, nambala ya taxi uja ndi chani?

Lorna 08:34
palibe fundi wanena zimenezo adad. ndili pa gate, injini ikulira. mpando wakutsogolo ndakukankhirani kale

Adad 08:36
🎤 0:07
Bodza ngati mayi ako malemu. Ndikuvala nsapato.

Percy 08:39
kkkkk Lorna iwe

Lorna 09:25
tafika, speed 40 yokhayokha, ndikangoponda pang'ono akutsokomola. fundi wake dzina ndi Francis. adad chiswahili zero, Francis chichewa zero, koma akumvana ngati anakulira limodzi

Lorna 09:48
adad adinda matayala 9 ndi chikhadabo. 9!! ena akuwanunkhiza. Francis amaseka poyamba, pano wasiya kuseka wawabweretsera mpando

Lorna 10:02
Francis wawaonetsa chinthu chimene samachidziwa. manambala anayi mbali mwa tayala, awiri oyamba ndi sabata, awiri omaliza ndi chaka chimene linapangidwa. nthawi yawo samayang'ana zimenezo. afunsa kawiri, avala magalasi

Lorna 10:09
KKKK abweza tayala limodzi mwa anayi amene Francis anasankha. lakhalitsa mu store zaka zinayi. amugwira ndi phunziro lake lomwe, pasanathe 10 min. Francis wangoti "mzee ni fundi", kutanthauza kuti mdalayu ndi mmisiri, nkukatenga lina

Lorna 10:40
balancing yatha. valve zatsopano zonse, adad anakana zakale. mpweya awerenga okha pa ka sticker ka pachitseko

Lorna 10:52
nkhondo yabuka. akana kuti Francis amalize mabawuti ndi mfuti ya mpweya ija. akuti tsiku lina ndidzaphulitsa tayala ndili ndekha ku Kitengela ndie ndidzamasula ndi mano? andipatsa wheel spanner. ndagwada pansi ndi skirt ya ku office. tamverani mmene akundilangizira

Lorna 11:10
🎤 0:24
Ayi Lorna, osatsatana! Ukamanga ili, dumpha upite la kutsidya. Modutsanitsa, kuti wilo likhale mofanana. Eya. Kokanso. Usadumphirepo ndi phazi, si mbava imeneyo. Basi, pamenepo. Lina.

Lorna 11:26
📹 0:19

Lorna 11:27
achimwene onerani video imeneyo. bawuti lomaliza. anandilanda spanner. taonani dzanja limene agwirira

Lorna 11:27
LAMANJA

Lorna 11:28
agwira ndithu, amanga mpaka lalira. miyezi isanu dzanja limeneli silinagwire ngakhale supuni. ndalira pamaso pa anthu, mascara yonse pansi, sindikusamala

Lorna 11:29
Francis wajambula nawo selfie. akuti aziwaonetsa makasitomala

Lorna 11:45
achimwene mwaona?

Lorna 13:30
ndikuona kuti mwaonera

LOWERUKA

Lorna 10:18
tafika ku Athi River. galimoto ikuyenda ngati yasamba. adad anakwera nawo, atsika nkugwira matayala onse anayi asanamupatse moni mdzukulu wawo

Lorna 10:31
Modesta akuwauza anzake kuti agogo ake ndi engineer wa matayala wochokera ku Malawi. adad sakukana. aima chilili, ndodo aisiya mu galimoto

Percy 11:04
📷

Percy 11:04
adad

Percy 11:06
iyi ndi yanga. ndatsika pa parking ndi ndowa ya madzi, ndatsuka onse anayi. kaphiri kaja kalipo. chaka chathunthu ndikuyenda nawo, ana kumbuyo, mpaka ku Naivasha

Percy 11:09
ndinayankhula zopusa lachitatu. ndachita manyazi, video ija ndaionera kasanu. tikiti sindinagule ndipo sindikufuna kugula. mungandionereko angawa?

Percy 11:40
adad?

Lorna 11:42
amva. akudya chapati ya Modesta. akuti udikire, amisiri sathamangitsidwa

Adad 12:15
🎤 0:21
Percy. Galimoto imeneyo isatuluke pa geti, ana asakweremo. Lolemba ndili ndi physio 9 koloko, udzanditenge pa taxi. Tikachoka kumeneko tipita kwa Francis. Uvale zoti zide, suti usiye kunyumba. Ine ndikasankha, mabawuti ukamanga wekha.