Achira Ndi a M'mbale Okha

Cuernavaca, 9 Okutobala

Okondedwa Azakhali a Remedios,

Ndikhulupirira kuti kuzizira kwa ku Chicago sikunayambe kukulowani m'mafupa. Kuno tilipo, mvula ikutha.

Nkhani yabwino ndi yakuti odwala anga onse achira. Ndikunena maselo a m'mimba amene ndimaweta m'timbale ku yunivesite aja. Ndikawadonthezera madzi a makungwa a mtengo wa cuachalalate, kutupa kumatsika ndithu. Zaka zonsezi za sukulu, ndangotsimikizira zimene inu munkadziwa kale muli kamtsikana.

Zotsatira za kafukufukuyu zitasindikizidwa, alongo anu, bambo anga, anaika pepalalo m'felemu pafupi ndi chithunzi cha Maria Woyera. Tsopano m'mimba mwawavuta, ndipo adokotala akufuna kuwaunikamo ndi kachubu, koma iwo akukana.

"Ndimeze payipi chifukwa chiyani? Mwana wanga wophunzira analemba kuti makungwa amachiza."

"Bambo, ndinalemba za maselo a m'mbale."

"Nanga ine anandiumba ndi chiyani, njerwa?"

Ndiye akungomwa makungwa m'mawa ndi madzulo. Tortilla, mkate wathu wachimanga uja, amadya imodzi, nayonso amasiyako. Lamba aboola kawiri chichokere Ogasiti. Sindinawauze kuti maselo angawo anachokera m'chotupa cha munthu wina, ndipo sindidziwa kuti mwini wakeyo zinamuthera bwanji.

Ine ndikalankhula amangondilozera felemu. Inu nokha ndi amene munawakokapo khutu ali mwana, ndipo mpaka lero amakuopani. Tsiku lowaunika ndi pa 24. Chonde bwerani, musadikire Khirisimasi. Malaya amene mumawabweretsera aja, ulendo uno mutenge ocheperako.

Ndine mwana wanu,
Araceli