Chala cha Alamu Ako

12 Ogasiti

Wokondedwa mng'ono wanga,

Ndikhulupirira uli bwino ndi ana. Kuno thupi lilipo, koma mtima sunakhale pansi mwezi wonsewu.

Ukudziwa kuti gitala ndinaiphunzira ndi khutu, ndipo ndakalamba nayo m'kwaya. Tsono kwabwera mphunzitsi watsopano wokonda kukweza nyimbo. Akuti ndizigoneka chala chamkombaphala pa nsambo zonse nthawi imodzi, zala zinazo zikugwira pansi pake. Chala changa chanyamakazichi chigone? Ndikayesa, gitala imangoti nzii ngati ntchentche m'botolo. Iye anati, "Agogo, zikakanika mpando wa gitalawo tipatsa wina." Agogo ake ndani?

Zimenezo zisiye. Alamu ako anayamba kusowa Lachiwiri lililonse masana, ati kwa telala. Telala wanji wosamaliza diresi? Ndinawatsatira ndi ndodo yanga, ndipo ndinawaona akulowa kuchipinda cha kuseri kwa mnyamata wometa tsitsi uja wovala nsapato zoyera. Chitseko chinatsekedwa. M'katimo gitala ikulira moipa, iwo akuseka chiseko chimene ine sindinachimve zaka zambiri. Ndinati, kani mnyamata ameneyu akundilanda mkazi ndi kuimba konyansa chonchi? Sindinagogode. Ndinabwerera ngati galu wonyowa, chakudya osachikhudza.

M'mawa mwake akundithirira madzi osamba m'manja, ndinaona chala chawo chatupa, m'mbali muli timizere tofiira.

"Chatani chalacho?"

"Ndi ulusi, bambo."

"Ulusi wodula mizere yotalikirana mofanana? Mukunamiza ine, woimba gitala?"

"Sambani, madzi akuzizira."

Pamenepo ndinazindikira kuti woimba moipa uja anali iwowo. Ukuganiza mtima unatsika? Unakwera! Ndinati basi, wolanda mpando wanga ndikugona naye nyumba imodzi.

Lamulungu mphunzitsi anayambitsa nyimbo yake yokwera ija, maso ali pa ine. Chala chinakana, gitala inati nzii, ana kumbuyo akutsinana. Ndikuti ndiimirire ndizipita, alamu ako anachoka pamzere wa amayi, nakhala kumanzere kwanga, nachotsa dzanja langa pakhosi pa gitala.

"Inu kwapulani nsambo, kuno ndigwira ine," ananong'ona. "Musandichititse manyazi, ndavutikira."

Anagoneka chala chotupacho, ine ndikukwapula. Tinaphonya kawiri, koma nyimbo inafika kumapeto. Za mpando mphunzitsi sanazitchulenso. Anangouza ana abweretse benchi loti tizikhalapo awiri.

Wometayo sindinamukhulupirirebe. Chinkaseketsa n'chiyani pophunzira? Ndikafunsa, alamu ako akuti, "Inu mukanandiphunzitsa popanda kukalipa?" Pakadali pano tsitsi langa lafika m'makutu, koma kumeneko sindipita.

Unditumizireko nsambo zofewa, zija zosadula zala. Si za ine.

Upereke moni kwa onse. Alamu ako akupereka moni. Ali pambali panga pano, dzanja lili m'beseni la madzi ofunda. Madziwo ndatenthetsa ndine, usauze munthu.

Ndine mkulu wako,
Wagitala